Makutu a Kachipewa

"Chikalata chimenecho sichituluka m'chikwama muno," anatero Amaduku, akusisita chikwama chawo chakuda chomwe chinali pamiyendo. "Ndinanena dzulo, ndikunenanso lero. Ukafuna kumvanso mawa, udzandidzutse ndisanatsuke m'kamwa."

Mpongozi wawo, Make Kachipewa, anali ataima pakhomo lolowera pabalaza, mwana ali kumsana, m'manja muli thewera lonyowa lomwe anaiwala kukayanika.

"Amayi, ku ofesi anena poyera. Popanda chikalata chobadwira cha bambo ake, mwanayu sapatsidwa pasipoti. Ndipo akufuna chenichenicho, osati chojambula pafoni."

"Ndiye pita ukapemphe kwa bambo akewo."

"Bambo ake si anasiyira inu popita?"

"Ine amene anandisiyira chikalata ndi mwana wanga. Za bambo a mwana wakoyo, ukudziwa ndiwe ndi Mulungu wako."

Pampando wapakona, Madala, mwamuna wa Amaduku, anatsokomola kuseri kwa nyuzipepala ya mwezi watha. Anali ndi chifuwa chodabwitsa bambo amenewa. Chimangowagwira nkhani ikafika pa mdzukulu wawo.

Mwana wawo wamwamuna anapita kunja kukagwira ntchito mkazi wake ali ndi pakati posaoneka. Tsopano anali atatumiza matikiti a ndege kuti mkazi wake, khandalo ndi amayi ake apite akamuone mwezi ukatha. Madala anakana okha, ati munthu sanalengedwe kuti azikhala pamwamba pa mitambo atamangidwa lamba. Zonse zikanayenda bwino pakanapanda makutu.

Tisanamizane, makutu a mwanayo analidi makutu. Anaima m'mbali mwa mutu ngati zogwirira za poto, ndipo dzuwa likamuwomba kumbuyo ankawala mofiira. Tsiku lomwe anabwera kuchokera kuchipatala, Amaduku anamuvundukula, n'kumuyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa kuchipinda. Potuluka anali ndi kachipewa ka ubweya m'manja. Kuyambira pamenepo ankaluka zipewa ngati alandira oda ya sukulu yonse, ndipo mutu wa mwanayo sunaonenso mphepo. Dzina lake lenileni linatsala pa khadi la kusikelo. Kwa ife tonse oyandikana nawo anali Kachipewa basi.

Nawo agogo akewo dzina lawo tinaliiwala kalekale. Tinkangoti Amaduku, chifukwa anali ndi duku la kutchalitchi, la kumaliro, la kumsika ndi logona nalo, ndipo onsewo ankawamanga mothina mpaka m'nsidze. Ankati mkazi wodzilemekeza sayanika mutu wake ngati dzungu la pamsika.

"Kwathu kuno kulibe makutu oterowo," anapitiriza Amaduku. "Tayang'ana a bambo akowa. Abambo, tsitsani nyuzipepalayo aone."

Madala anaitsitsa pang'ono. Makutu awo anali ang'onoang'ono, aubweya, omatirira kumutu ngati akuopa kuonedwa.

"Waona? A mwana wanganso ndi omwewo. Ako ndawaona, ndi tating'ono. A amayi ako ndinawayang'anitsitsa pa ukwati. Nanga awa agwa kuchokera kumwamba? Mwana wa njoka ndi njoka, sabadwa ndi nyanga."

"Amayi, mukutanthauza kuti ine ndinazembera mwana wanu?"

"Ine sindinatanthauze kanthu. Akuyankhula ndi makutuwo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Make Kachipewa anatuluka kukayanika thewera lija. Analira ataima pa chingwe pomwepo, mwakachetechete, chifukwa mawuwo anamulasa mtima. Anali atakhala panyumbapo akuchapa, kuphika ndi kusisita miyendo ya apongozi ake, akudikira tsiku loti mwamuna wake adzanyamule mwana wake koyamba. Kumsana kwake Kachipewa ankayamwa chingwe cha chipewa, alibe nazo ntchito.

Sabata yotsatira Amaduku anayamba ntchito yaupolisi. Ankapereka moni kwa amuna ataima chambali, maso ali pakhutu. Wometa anamuyang'ana n'kumumasula. Wogulitsa makala anamuuza kuti apukute kaye kumaso ndi m'makutu kuti amuone bwino. Wowerenga mita ya madzi anamuweramitsa kawiri, ati sanawerenge bwino, iwo atazungulira kumbuyo kwake. Kutchalitchi anasiya mpando wawo wakutsogolo n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, komwe mitu ya amuna onse imaoneka pamzere.

Mapeto ake mlandu unagwera telala. Anali bambo wofatsa, wa ana asanu, amene ankasoka pakhonde la golosale tsidya la msewu. Tsoka lake linali lakuti khutu lake limodzi linkanyamula pensulo ndi choko nthawi imodzi.

"Atelala, tandibwerekeni tepi yanuyo," anatero Amaduku atafika.

"Mukufuna kuyeza chiyani, mayi? Bweretsani ndikuyezereni."

"Ingokhalani chomwecho. Musatembenuke."

Telala anakhala phee, phazi lili pa makina, pamene mayi wamkulu wolemekezeka ankamuyeza khutu m'litali ndi m'lifupi. Ankaganiza kuti mwina akufuna kumulukira chipewa cha mphatso, moti mpaka anathokoza. Amaduku anawoloka msewu ndi tepi yomweyo n'kukayeza la mdzukulu wawo.

"Ndi yemweyo," anatero.

"Koma amayi," anafunsa Madala, "khutu la munthu wamkulu ndi la khanda angafanane bwanji muyeso?"

"Ndachotsera zaka."

Nkhani yoipa siyenda pansi. Dzuwa lisanalowe inali itafika kumpopi, kumsika ndi kwa mkazi wa telala. Mayiyo anabwera atamanga nsalu m'chiuno, akufuna aone yekha makutu a mwanayo, koma Amaduku anamutsekera pakhomo, ati manyazi a m'nyumba sayanikidwa pamsewu. Chonsecho anayanika nkhaniyo ndi iwo omwewo. Mkazi wa telala anabwerera, n'kutenga ana ake ndi simbi ya mwamuna wake, ulendo kwa mkulu wake.

M'mawa mwake telala anabwera kuntchito atavala chipewa cha ubweya, kunja kukutentha ngati ng'anjo. Amuna ena amene ankadzikayikira anayamba kuchita chimodzimodzi. Mkulu wa kwaya anagula, woyendetsa njinga ya kabaza anagula, ngakhale mdala wina wopanda dzino limodzi m'kamwa anagula, ati sizidziwika. Wogulitsa zipewa kumsika anakapereka umboni kutchalitchi kuti Mulungu wamukumbukira.

Ife tinkaseka, sindingabise. Amene sankaseka ndi Make Kachipewa. Akafika kumpopi amayi ankasiya nkhani pakati, n'kuyamba kuyang'ana ndowa zawo. Mutu wa mwana unatuluka tizilonda chifukwa cha thukuta, koma akangomuvula chipewa, apongozi ake ankatulukira ngati anunkhiza.

Lamulungu masana mwamuna wake anaimba foni ya vidiyo. Make Kachipewa analowa nayo kuchipinda, poti ankadziwa kuti amayi ake anamufikira kale.

"Amayi andiuza zinazake," anatero mwamunayo osapereka n'komwe moni. "Tamuvula chipewa mwanayo."

Anamuvula. Kachipewa anasekerera foniyo, dovu likuchucha, makutu atadzaza galasi lonse. Mbali inayo kunali zii.

"Netiweki ikuvuta?" anafunsa mkazi.

"Ayi, ndikuona bwinobwino."

"Nanga bwanji simukuyankhula? Mwana wanu akukusekererani."

"Ndikuganiza kuti mwina amayi abwere kaye okha, tidzakambirane. Inu mudzabwera zinthu zikakhala bwino."

"Abambo ake, inuyo mukukhulupirira zimenezi? Telala? Bambo uja amanditcha mwana wake?"

"Sindikukhulupirira, komanso sindikukana. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amayi sanandinamizepo chibadwire."

Foni itaduka, Make Kachipewa anakhala pabedi nthawi yaitali. Za ndege analibe nazo ntchito kwenikweni. Chimene chinamuopsa n'chakuti apongozi ake akakwera okha, akakhala ndi mwezi wathunthu wothira nkhani m'khutu mwa mwana wawo, ndipo akamadzabwerera Kachipewa adzakhala alibe bambo.

Anatuluka n'kukapeza Madala kuseri kwa nyumba, akukonza njinga yomwe sinayendepo chiyambire chaka.

"Abambo, inu mwakhala chete nthawi yonseyi. Nanunso mukuti ndinazembera mwana wanu?"

Chifuwa chija chinabwera. Chitatha anati, "Mwananga, ine ndine munthu wokalamba. Ndimadya za m'manja mwa amayi akowa."

"Sindinafunse za kudya."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya mwala waswa mkhate, ndiye madzi udzamwera pati?"

"Ndiye mwana wanga atsale wopanda bambo chifukwa cha mkhate wanu?"

Madala anayang'ana kuzenera, n'kuyang'ana kumpanda, kenako anatsitsa mawu. "Lachinayi amayi ako akupita kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti yawo. Adzafuna wowaimira pamzere, miyendo yawo ija ukuidziwa. Upite nawo, ndipo mwanayo usamusiye. Mnzanga wina anapitako. Akuti kumeneko sajambula mwachisawawa."

"Zimenezo zindithandiza chiyani ine?"

"Ine sindinanene kanthu. Ndikukonza njinga."

Amenewo ndiwo anali Madala. Mawu amodzi okha akanathetsa nkhani yonse tsiku loyamba lomwe, koma anasankha kutsokomola mpaka banja la telala linagwedezeka.

Lachinayi Amaduku anavala duku latsopano lonyezimira ndi chijasi chachikulu chomwe anagulira ulendowo, ngakhale kunja kunali kotentha. Kutchalitchi anali atatsanzika kale, n'kulonjeza amayi onse a m'kwaya kuti adzawabweretsera mafuta odzola akunja. Chikwama chakuda chija anachipana kukhwapa. Chikalata cha mwana wawo ankayenda nacho paliponse, ngakhale kubafa, kuopa kuti mpongozi angachibe.

Ku ofesi ya mapasipoti kunali anthu ngati kuchipatala. Mabenchi anali aatali, penti itatha pomwe anthu amakhala. Kudenga fani inkazungulira mwaulesi osabweretsa mphepo. Mlonda ankagawa timapepala ta manambala akuyasamula, ndipo bambo wina anali atagona pabenchi, envelopu ili kumaso. Make Kachipewa anaima pamzere ndi mwana kumsana, apongozi ake atakhala, akudzipepesera mphepo ndi nyuzipepala ya Madala.

Chipinda chojambulira chinalibe chitseko, moti aliyense wa pamzere ankaona zonse. Munali nsalu yoyera pakhoma, kampando kopanda msana, nyale ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndi kamera yoimika pa miyendo itatu. Wojambula anali mayi wa magalasi, wa mawu otopa, wooneka kuti waona nkhope zokwanira pamoyo wake. Nambala yawo itaitanidwa, Amaduku anakhala pakampandoko, n'kukonza chijasi, n'kutukula chibwano.

"Mayi, dukulo likhale, koma likankhireni kumbuyo," anatero wojambula. "Nkhope yonse ioneke, ndi makutu omwe."

"Makutu a chiyani? Kunjako ndikupita kukaona mwana wanga, sindikupita kukamvetsera."

"Ndi lamulo la pano."

"Alipo awiri. Lembani kuti awiri."

"Ine sindilemba, ndimajambula."

Amaduku anatembenukira kukhomo, komwe kunaima Madala, amene anawaperekeza. "Abambo, auzeni mayiwa kuti makutu ndili nawo."

"Ali nawo," anatero Madala, akuyang'ana nsapato zawo. "Ali nawo ndithu."

"Ndiye awaonetse," anatero wojambula.

"Mwana wanga, ine ndajambulitsa zithunzi iwe usanabadwe. Cha ukwati, cha ubatizo, cha kwaya. Palibe anandifunsapo makutu."

"Agogo, tafulumirani," anatero munthu wina pamzere. "Enafe tachita kuthawa kuntchito."

Wojambula anavula magalasi n'kuwapukuta ndi bulauzi. "Mayi, ngati simukufuna, dzukani. Popanda chithunzi palibe pasipoti, ndipo popanda pasipoti ndege mudzaionera pansi ngati ife tonse. Wotsatira."

Mtsikana wina wa pamzere anali atayamba kale kulowa.

"Dikirani," anatero Amaduku. Anayang'ana chijasi chawo chatsopano. Anaganiza za amayi a m'kwaya ndi mafuta awo odzola. Kenako anati kwa mpongozi wawo, "Iwe, tuluka ukandigulire madzi."

"Madzi ali m'botolo umu, amayi."

"Ndikufuna ozizira."

"Mukamwa mukajambulitsa. Ndikatuluka mlonda sandilowetsanso."

Amaduku anapuma mozama n'kukweza manja kumutu. Mfundo yoyamba inamasuka, yachiwiri inavuta. Pansi pa duku lonyezimiralo panali kaduku kena kakang'ono, ndipo pansi pa kameneko panali lamba wansalu womangidwa mozungulira mutu. Lambayo atachoka, kwa kanthawi panalibe chimene chinachitika. Kenako khutu lamanzere linadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kutulo, lamanja n'kutsatira. Anali otuwa chifukwa chosaona dzuwa zaka zambiri, koma anaima m'mbali mwa mutu molimba mtima, ndipo nyale yakumbuyo ija inawawalitsa mofiira.

Make Kachipewa anamasula nsalu, n'kutsitsa mwana kumsana. Anamuvula chipewa, n'kulowa m'chipindamo, n'kukaima pambali pa kampandoko, mutu wa mwana uli pafupi ndi wa apongozi ake.

Bambo wogona pabenchi uja anali atadzuka. Anayang'ana mitu iwiriyo n'kunena kuti, "Awa ndiye sanachite kubadwa, achita fotokope."

Chiseko chinaphulika mpaka mlonda anabwera kudzaona, naye n'kugwira khoma. Wojambula yekha ndiye sanasinthe nkhope.

"Amayi a mwana, dikirani nthawi yanu," anatero. "Ayambe agogo akewa."

Palibe amene anamuuza kuti ndi agogo ake. Kamera inathwanima, n'kuwagwira Amaduku maso ali tong'o.

Make Kachipewa sanaseke. Anawerama pafupi ndi apongozi ake n'kuyankhula motsitsa, koma poti khutu linali poyera, mawu onse analowa.

"Amayi, ndakhala ndikulira pamaso panu. Atelala mkazi wawo wachoka. Mdzukulu wanu mutu wonse uli tizilonda. Zonsezo simunamasule duku. Lero mwamasula chifukwa cha ndege."

"Iwe sudziwa kusekedwa," anatero Amaduku, akupinda lamba uja. "Kusukulu ankanditcha Malichero. Ndimati mwanayu asadzaone zimene ndinaona ine."

"Ndiye munaona kuti ndi bwino akhale wopanda bambo kusiyana n'kukhala ndi makutu a agogo ake?"

Amaduku anatsegula chikwama chakuda, n'kutulutsa chikalata chija chili m'kajumbo, n'kuchipereka osayang'ana kumaso.

"Anyani amasekana zikundu," anatero Madala pakhomo, atamva kuti mphepo yasintha. Akazi awo anawaponyera diso limodzi lokha, ndipo chifuwa chija chinabweranso.

Atamaliza zolembetsa pawindo, anabwerera kwa wojambula ndi mwana. Apa ndiye panali ntchito. Lamulo linkati mwana ayang'ane kutsogolo, maso otsegula, kukamwa kotseka, ndipo dzanja la wamkulu lisaoneke. Make Kachipewa anafunda nsalu yoyera n'kumugwira cha kumbuyo. Koma Kachipewa, atamva mphepo pamutu koyamba m'moyo wake, ankangoseka ndi kupukusa mutu. Mlonda anagwedeza makiyi, osathandiza. Madala analira ngati mbuzi, mwana n'kusekeratu. Bambo wa envelopu anavina pang'ono.

"Agogo, bwerani muime kumbuyo kwangaku," anatero wojambula. "Ayi, dukulo musamange."

Amaduku anaima kuseri kwa kamera mutu uli pamtunda. Kachipewa atawaona anasiya kuseka. Anatseka pakamwa, n'kutong'ola maso, akuyang'anitsitsa makutu a agogo ake ngati waona m'bale wake wotayika. Kamera inathwanima.

"Chabwino kwambiri," anatero wojambula. "Wotsatira."

Mapasipoti anatuluka ulendo utatsala pang'ono. Nkhani ya ku ofesi inali itafika kwathu iwo asanatsike n'komwe basi, moti amuna anavula zipewa mmodzimmodzi, ndipo wogulitsa zipewa anasiya kupereka umboni. Mkazi wa telala anabwerera ndi ana, koma simbi inatsala kwa mkulu wake, ati ikhale chikole. Amaduku anabweza tepi ija kudzera mwa Madala. Duku anayambanso kumanga, mothina kuposa kale, ndipo pepani sanamutchule kwa munthu aliyense.

Lamulungu masana foni ya vidiyo inaliranso. Ulendo uno Make Kachipewa anaiyankhira pabalaza, onse alipo. Sananene zambiri. Anatsegula mapasipoti awiri, ya mwana ndi ya apongozi ake, n'kuwaika pamodzi kutsogolo kwa foni.

Mwamuna wake anayang'ana, n'kuyandikira, n'kuyang'ananso. Kenako anaseka mpaka foni inamugwa m'manja. Atatola anali akupukuta misozi.

"Amayi, ndinu amenewa? Zaka zonsezi? Make mwana, ndimadziwa ine. Mumtimamu ndimadziwa kuti mwanayu ndi wanga."

"Ayi, abambo ake, inu simumadziwa," anatero mkazi wake mofatsa. "Inu munati amayi abwere okha. Amene amadziwa kuyambira tsiku loyamba ndi awa."

Anaika foniyo m'manja mwa apongozi ake, mayi ndi mwana wake akuyang'anizana, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Iye anatenga beseni, sopo ndi mwana, n'kutuluka. Sanapite kuseri kwa nyumba komwe ankamusambitsira masiku onse. Anakaika beseni kutsogolo, m'mbali mwa msewu, pomwe aliyense wodutsa akanatha kuona, ndipo anayambira kumutsuka kuseri kwa makutu.